ZA PAKHOMO PATHU: Makina Otalika Kuposa Chipinda

Mwezi uno tiwoloka nyanja, tipite ku dziko la America, kukamva nkhani imene yakhala ikusowetsa tulo amayi ambiri osoka kumeneko. Ena mwa inu mufunsa kuti, "Nanga za ku America zitikhudza bwanji ife?" Dekhani, awerengi athu. Makina amene tikambe panowa mwina simudzawagwira ndi manja anu, koma funso limene iwo abweretsa m'mabanja lidafika kale pakhomo panu, ndipo ngati silidafike, liri pa njira. Funsolo ndi ili: kodi chida chiri chonse chabwino n'choyenera kuti munthu akhale nacho chakechake?

Tiyambe ndi kufotokoza ntchito yake. M'madera ambiri a dziko lija nyengo yachisanu ndi yaukali kopambana ya kwathu kuno, kotero kuyambira kale amayi kumeneko amasoka chofunda chochindikala chimene eni ake amachitcha quilt. Chofundacho chimakhala ndi magawo atatu. Pamwamba pamakhala nsalu ya zigamba, ndiye kuti tinsalu tambirimbiri ta mitundu yosiyanasiyana tolumikizidwa mwaluso. Pakati amayalapo thonje kapena ubweya. Kunsi kumakhala nsalu imodzi yaikulu. Motero ntchito ziripo ziwiri. Yoyamba ndi kulumikiza zigamba zija, ndipo imeneyi makina wamba osokera amaitha bwino lomwe. Yachiwiri ndi kuphatikiza magawo atatuwo ndi misoko yoyenda ponseponse, kuti thonje lisaunjikane malo amodzi pochapa. Ntchito yachiwiriyi ndiyo yolemetsa, ndipo nkhani yathu yagona pamenepo.

Kale, m'zaka za m'ma 1800, mayi akatsiriza nsalu ya pamwamba ankaitana anzake. Ankaikunga pa mitengo inayi yomangidwa ngati felemu ya chitseko, nakhala mozungulira, ali yense ndi singano yake. Ntchito imene mmodzi akadaigwira miyezi inkatha tsiku limodzi kapena awiri. Pamenepo ankacheza, kulangizana ndi kutonthozana, ndipo atsikana ankaphunzira msoko poyang'ana manja a akuluakulu. Zidali ngati mmene makolo athu ankachitira polima dima.

Mwambo umenewu udazirala pamene mabulangete a m'sitolo adatsika mtengo, koma udadzukanso mwamphamvu. M'chaka cha 1971 nyumba ya zionetsero za luso yotchedwa Whitney, mu mzinda wa New York, idapachika zofunda zakalezi pa makoma ngati zithunzi, ndipo anthu adazizwa ndi kukongola kwake. Mu 1976, pamene dzikolo linkakumbukira zaka 200 za ufulu wake, amayi ochuluka adabwerera ku luso la agogo awo. Kenaka mu 1979 kampani ya ku Japan yotchedwa Olfa idatulutsa kampeni kozungulira ngati gudumu, kamene kamadula nsalu zingapo nthawi imodzi mofulumira kuposa sizasi. Zotsatira zake mungathe kuziona nokha. Nsalu za pamwamba zidayamba kutha msanga, koma ntchito yophatikiza idatsala pomwe idali. Mabokosi adadzala ndi zofunda zosatsiriza.

Nanga bwanji osangophatikiza pa makina a pakhomo? Ambiri amatero, komatu pali bvuto. Yang'anani makina amene muli nawo m'nyumbamo. Pakati pa singano ndi mzati wa kudzanja lamanja pali mpata wa mainchi 6 kapena 8 okha. Tsono chofunda cha pa bedi lalikulu chiyenera kukulungidwa ndi kukankhidwa kudzera pa kampata kameneko, monga munthu wofuna kulowetsa mphasa m'kamwa mwa mtsuko. Mapewa amawawa, nsalu imakwinyika kunsi, ndipo asanayambe n'komwe kusoka, mwini wake amayamba wagwada pansi maola angapo kugwiriziza magawo atatu aja ndi mapini mazanamazana.

Yankho lake lidachokera ku West Plains, m'chigawo cha Missouri, kumene mu 1980 bambo wina dzina lake Ken Gammill adayamba kupanga makina a mkono wautali, amene eni ake amawatcha longarm. Nzeru yake ndi yotembenuza zinthu: nsalu ikhale chiriri, makina ndiwo ayende. Magawo atatu aja amakulungidwa pa mipiringidzo yaitali ya chitsulo, nakungika bwino pa felemu yotalika mapazi 10 mpaka 14, ndiye kuti mamita atatu kapena anayi. Makinawo amakhala pa timagudumu toyenda pa tinjanji, ndipo mpata wa mkono wake ndi mainchi 18 mpaka 30. Wosokayo amaimirira, kugwira zogwirira zonga mahandulo a njinga, n'kumayendetsa singano pa nsalu ngati munthu wolemba ndi pensulo. Makina ena a masiku ano ali ndi kompyuta imene imawayendetsa yokha, mwini wake akungoyang'anira. Kampani zina monga Nolting ndi APQS za ku Iowa, ndiponso Handi Quilter ya ku Utah, zimapanganso makina otere.

Poyamba akuluakulu a lusoli ankanyoza chofunda chophatikizidwa pa makina, nati chenicheni ndi cha pa manja. Koma mu 1989, pa chionetsero chachikulu cha ku Paducah m'chigawo cha Kentucky, mphoto yoposa zonse idapita kwa mayi Caryl Bryer Fallert chifukwa cha chofunda chosokedwa pa makina. Padali kung'ung'udza ndithu, koma kuyambira pamenepo manyazi adatha, ndipo njira idatseguka.

Tisabise ubwino wa makina amenewa, pakuti ulipo. Chofunda chimene chikadatenga masabata chimatha m'maola ochepa. Kugwada pansi ndi mapini kulibenso. Misoko imaoneka yosalala kumwamba ndi kunsi komwe. Mayi amene wawaona akugwira ntchito pa chionetsero, nayesa kuwagwira kwa mphindi zisanu, amabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Wogulitsa wamuuza kale kuti asadandaule za mtengo, angathe kumalipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Apa m'pamene banja liyenera kukhala pansi ndi pepala ndi pensulo, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Makina otere, pamodzi ndi felemu yake, amayambira pa madola zikwi zingapo, ndipo aakulu okhala ndi kompyuta amapitirira madola 30,000, mtengo wogulira galimoto yatsopano. Titenge apakatikati, a madola 15,000. Tsono m'matauni ambiri a ku America muli anthu amene ntchito yawo ndi kuphatikizira anzawo zofunda pa makina oterewa. Amalipiritsa potsata kukula kwa chofunda, ndipo pa misoko wamba yobwerezabwereza mtengo wake kawirikawiri ndi masenti awiri kapena atatu pa kachigawo ka inchi imodzi m'litali ndi inchi imodzi m'lifupi. Chofunda cha bedi lalikulu, cha mainchi 90 ndi 100, chiri ndi tizigawo 9,000. Pa masenti awiri ndi theka, ndiwo madola 225.

Gawani 15,000 ndi 225, mupeza 67. Ndiye kuti mayi uja ayenera kutsiriza zofunda zazikulu 67 kuti makina ake angobweza chabe ndalama imene akadapereka kwa wophatikiza. Ngati amatsiriza zinayi pa chaka, monga achitira munthu wokhala ndi ana, ntchito ndi khomo loyang'anira, padzapita zaka pafupifupi 17. Ngakhale atamatsiriza chimodzi mwezi uli wonse, padzapitabe zaka zisanu ndi theka. Ndipo m'chiwerengero chimenechi sitidaikemo singano, mafuta, magetsi, wokonza makina akaonongeka, ngakhale chiwongola dzanja cha ngongole ija. Kwa wosokera banja lake lokha, kunena kuti makinawa adzapulumutsa ndalama ndi kudzinyenga.

Ndalama si zokhazo. Makinawa amafuna malo. Felemu ya mapazi 12 imafuna chipinda chotalikirapo, kuti munthu athe kuzungulira kumbali ndi kumbuyo, ndipo siipindidwa madzulo ngati tebulo lositirapo. Ikaima yaima. Mabanja ena apereka chipinda cha alendo, ena chipinda chodyera, ena atulutsa galimoto m'garaja. Chinthu chimene chilanda chipinda chathunthu m'nyumba si nkhani ya munthu mmodzi ai; ndi nkhani ya onse ogona m'nyumbamo.

Amafunanso nthawi yophunzira. Mphindi zisanu za pa chionetsero zija zimanyenga, pakuti wogulitsa adali atakonzeratu zonse. Kunyumba mwini wake adzapeza kuti ulusi wa pamwamba ndi wa m'bobini uyenera kukokana mofanana, apo ai kunsi kwa chofunda kudzakhala timalupu ndi mfundo zimene sadzaziona kufikira atasoka gawo lalikulu. Pamenepo ndi kusomola msoko umodziumodzi, ntchito ya mphindi khumi kuiphwasula tsiku lathunthu. Mzere wokhota bwino suchokera m'makina, umachokera m'dzanja lozolowera, ndipo dzanja limazolowera patapita miyezi. Onjezanipo kuimirira maola ambiri, kumene miyendo ndi msana wa munthu wachikulire sizikondwera nako. N'chifukwa chake makina ambiri otere amagulitsidwanso asanagwire ntchito yokwanira, ndipo ena angosanduka poyanikapo zovala.

Pano tiyerekeze ndi nkhani ina ya makina osokera, imene tonse tikuidziwa. Isaac Singer adalandira chilolezo cha makina ake mu 1851, koma mtengo wake udali woposa madola 100, ndalama imene banja wamba silikadatha kuitulutsa nthawi imodzi. Mu 1856 mnzake pa malondawo, Edward Clark, adayambitsa njira yogula molipira pang'onopang'ono, ndipo makinawo adalowa m'nyumba zosawerengeka. Kodi mabanja amenewo adalakwa kutenga ngongole? Ambiri sadalakwe, chifukwa makina aang'ono aja ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Malaya amene pa manja ankadya tsiku lathunthu ankatha m'maola ochepa. Ankasoka madiresi, makabudula, makatani, ndi kuika zigamba pa zong'ambika. Koma makina a mkono wautali adziwa ntchito imodzi yokha. Sangakusokereni yunifolomu ya mwana, ndipo ngakhale zigamba za chofunda chomwecho muzilumikizabe pa makina anu akale. Njira yolipirira ndi yomweyo, koma katundu ndi wosiyana. Ngongole ya chida chogwira ntchito tsiku liri lonse imadzilipira yokha. Ngongole ya chida chogwira kanayi pa chaka imalipidwa ndi chakudya cha ana.

Wina adzati, "Ndidzasokeranso anthu ena, makinawo adzadzigula okha." Zimenezi n'zotheka. Wophatikiza zofunda zitatu pa sabata, masabata 50 pa chaka, pa mtengo uja wa madola 225, alandira madola 33,750 asanachotse zolowa. Komatu taonani chimene chachitika. Munthu uja adagula makina kuti azitsiriza zofunda zake mokondwa, tsopano wasanduka wantchito wa eni zofunda. Ayenera kufuna makasitomala, kusunga mabuku, kukhoma msonkho, kutsiriza pa tsiku lolonjezedwa, ndi kupirira madandaulo a amene abweretsa nsalu yokhota nafuna ituluke yowongoka. Imeneyo ndi bizinesi, ndipo ndi yolemekezeka, koma munthu ailowe akudziwa kuti walowa bizinesi.

Otsatsa malonda amakonda nkhani ya mayi Jenny Doan wa ku Hamilton, tauni yaing'ono ya ku Missouri komweko. Mu 2008, chuma cha dzikolo chitagwedezeka, ana ake awiri adatenga ngongole namugulira makina otere kuti azipezerapo ndalama. Makinawo sadakwane m'nyumba, mpaka adachita kugula nyumba ina yakale yoti awaikemo. Bizinesi imene idayambira pamenepo, Missouri Star Quilt Company, idakula mpaka kudzaza tauniyo ndi masitolo a nsalu. Nkhani yokoma ndithu. Koma tiimve yonse. Chimene chidawakweza si makinawo paokha ai. Kudali kuphunzitsa kwa mayiyo pa makanema a YouTube, kumene kudayamba chaka chotsatira, ndiponso kugulitsa nsalu zodulidwa kale. Lidali banja lonse logwirira pamodzi, litatsimikiza kuyambira pachiyambi kuti likuchita malonda. Amene angotengapo mau akuti "adagula makina nalemera" wamva theka la nkhani.

Tsono makina amenewa ayenera yani? Ife tiona anthu a mitundu itatu. Woyamba ndi amene wasankha kuti iyi ikhale ntchito yake, ndipo wafufuza kale kuti makasitomala alipo. Wachiwiri ndi gulu. Ku America kuli mabungwe monga Project Linus, limene lidayamba mu 1995 kupereka zofunda kwa ana odwala ndi osautsidwa, ndi Quilts of Valor, limene lidayamba mu 2003 kufunditsa asilikali obwera ku nkhondo. Kumene manja ambiri akulumikiza zigamba, makina amodzi sakhala chete, ndipo mtengo wake ukagawidwa supweteka munthu. Mutu umodzi susenza denga. Wachitatu ndi amene ndalama ali nayo m'manja, ana adaphunzira, ngongole alibe, chipinda chiripo, ndipo chimene amakonda koposa ndi kujambula ndi ulusi kumene. Ameneyo agule mosangalala, koma anene zoona kuti wagula chomkondweretsa, asanene kuti wasunga ndalama.

Otsalawo njira ziripo zambiri. Angathe kupereka nsalu yawo kwa wophatikiza, namthandizanso mnzawoyo kupeza chakudya. Masitolo ambiri a nsalu amaphunzitsa munthu tsiku limodzi, kenaka n'kumam'bwereketsa makinawo molipira pa ola. Amene akulakalaka kugula ayambe watero kwa chaka chathunthu, aone ngati mtima ukhalabe pomwepo. Alipo makina a mkono wautali oikidwa pa tebulo, amene munthu amasoka atakhala pansi, otsika mtengo ndiponso osalanda chipinda. Ena amaphatikiza chofunda m'magawo ang'onoang'ono pa makina a pakhomo, n'kulumikiza magawowo pomaliza. Ndipo mu 1987 mayi Harriet Hargrave adalemba buku loonetsa kuti ntchito yokongola kwambiri itheka pa makina wamba omwewo. Ena amangomanga timfundo ta ulusi wochindikala apa ndi apo, chofunda n'kugwirana bwinobwino. Singano ya pa manja nayo siidafe: amayi a mtundu wa Amish ku Pennsylvania akusokabe motero, ndipo zofunda zawo anthu amazifuna.

Titsirize ulendo wathu ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama, wozingidwa ndi mtsinje mbali zitatu. Anthu a kumeneko ndi zidzukulu za akapolo, ndipo kwa zaka zambiri adali pakati pa osauka kwambiri m'dziko lonselo. Amayi ake ankasoka zofunda ndi mathalauzi akutha a amuna awo, madiresi akale ndi matumba, pofuna kuti ana asafe ndi chisanu m'nyumba zolowa mphepo. Mu 2002 zofunda zimenezo zidaonetsedwa ku Houston, kenaka ku Whitney komwe kuja, ndipo akatswiri a luso adaziyamikira koposa. Mu 2006 zidajambulidwa pa masitampa a dzikolo. Zakale zija zidaphatikizidwa pa manja, amayi atakhala mozungulira felemu ya mitengo. Chimene chidazikweza ndi diso ndi dzanja la osokawo. Zimenezo sizigulitsidwa m'sitolo.

Tibwerere kwathu tsopano. Inu makolo, funso lomweli lidzakufikirani m'chovala china. Mwina ndi makina opetera maluwa pa nsalu, mwina a ovaloko, mwina uvuni yaikulu yophikira buledi. Musanasaine pepala la ngongole, funsanani awiri mafunso anayi. Kodi chida chimenechi chidzagwira ntchito masiku angati pa mwezi? Kodi kulipira wina amene ali nacho kale kungatidyere zingati pa chaka? Kodi tichiika pati, ndipo chikafa adzachikonza ndani? Kodi palibe anzathu amene tingagule nawo pamodzi? Lembani mayankho ake m'manambala, pakuti manambala sachita manyazi ndi munthu. Ndipo mwamuna kapena mkazi asabwere ndi katundu wotere pakhomo mnzake asakudziwa. Walira mvula walira matope, ndipo matope a ngongole amaponda ndi banja lonse.

Inunso anyamata ndi atsikana, amene mumaona zodabwitsa zotere pa mafoni anu, musaganize kuti luso likudikira makina aakulu. Pansi pa tebulo la telala ali yense pa msika pali mulu wa tizidutswa ta zitenje timene timangosesedwa. Pemphani thumba limodzi, mutenge singano kapena makina opalasa a amayi anu, mulumikize zigamba, muike bulangete lakutha pakati, musoke. Choyamba chidzakhota, chachiwiri chidzakhala bwinoko. Mukadzafika poti ntchito yachuluka mpaka makina ang'onowo akulephera, ndipo anthu akudikira pa mzere ndi ndalama m'manja, pamenepo nthawi yogula aakulu idzakhala itakwana, ndipo ntchito yomweyo ndiyo idzawalipira.

Mwezi wamawa tidzakamba za kasamalidwe ka makina osokera amene muli nawo kale, kuti akutumikireni inu ndi ana anu omwe.